Nyenyezi ziwiri zili pafupi chonchi, nanga bwanji sizikuoneka?

Nthanda_Yakummawa
Abale anga a pa gulu lino, ndithandizeni. Ndimawerenga mndandanda wa nyenyezi zimene zili pafupi kwambiri ndi dzuwa lathu. Alpha Centauri ndimaidziwa, Sirius ndimaidziwa, nyengo yake ikakwana sindivutika kuzipeza. Koma pansi pa Sirius pa mndandandawo pali dzina lachilendo, Luyten 726-8, ena amati Gliese 65. Akuti ndi nyenyezi ziwiri zofiira zozungulirana, ndipo kuwala kwake kumayenda zaka zosakwana 9 kuti kufike kuno, pafupifupi chimodzimodzi ndi Sirius. Ndatenga bainokyula, ndayang'ana m'gulu la nyenyezi la Cetus pamene mapu akuloza, koma palibe kanthu. Zikundisautsa mumtima. Sirius imawala kuposa nyenyezi zonse za usiku. Izi zili pa mtunda wofanana, ndipo ndi ziwiri, koma ngakhale kadontho sikakuoneka. Zimenezi zikutheka bwanji? Kodi zinthu zotere n'zoyeneradi kutchedwa nyenyezi?

Kadzidzi77
Bainokyula siingathe, achemwali. Maso anu alibe vuto, mapunso alibe vuto. Pamafunika telesikopu.

MayiFiziki
A Nthanda, funso lanu ndi labwino, ndipo yankho lake limasintha mmene munthu amaonera thambo lonse.

Akatswiri a zakuthambo amayeza kuwala kwa nyenyezi ndi nambala yotchedwa magnitude. Nambala ikamakula ndiye kuti nyenyezi ikuzilala. Diso la munthu pamalo amdima weniweni limalekeza pa 6. Bainokyula wamba imafika cha pa 9 kapena 10. Nyenyezi zanu ziwirizi chilichonse chili cha pa 13, ndipo mukaphatikiza kuwala kwa zonse ziwiri mumangodutsa pang'ono 12. Kunena kwina, n'zozilala kambirimbiri, mazana angapo, kuposa kanyenyezi kotsiriza kamene diso lingaone. Sirius ili pa -1.5.

Chimene chimasiyanitsa si mtunda koma kulemera. Sirius ndi yolemera kawiri kuposa dzuwa, ndiye pakati pake pamapanikizika kwambiri, mpweya wa haidirojeni umapsa mofulumira, ndipo imawala koposa ka 20 kuyerekeza ndi dzuwa. Ziwirizi chilichonse chimalemera pang'ono chabe kupitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a dzuwa. Pamwamba pake kutentha sikufika madigiri 3,000, pamene pa dzuwa ndi cha pa 5,500. Mphamvu yonse imene imodzi imatulutsa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a mphamvu ya dzuwa, ndipo yambiri mwa mphamvu yochepayo imatuluka ngati kuwala kwa infrared kumene diso siliona. Kumene kwatsalira diso lathu n'kochepetsetsa.

Tsono chimene ndimafuna muchisunge ndi ichi. Nyenyezi za mtundu umenewu ndi zimene zachuluka. Pa nyenyezi zinayi zilizonse za mu mlalang'amba wathu, pafupifupi zitatu ndi zofiira zazing'onozi. Zimene timaona usiku ndi zochepa zowala kwambiri, zambiri mwa izo zakutali. Anansi athu enieni ambiri sitiwaona.

Chiphaliwali
Pepani amayi, koma apa ndikukana pang'ono. Ine nyenyezi zofiira ndimaziona ndi maso. Mu Scorpius muli imodzi yofiira bwinobwino, mu Orion mulinso ina. Ndiye kunena kuti zofiira sizioneka si zoona.

Kadzidzi77
Zimenezo ndi Antares ndi Betelgeuse, achimwene. Kufiira n'kofanana chifukwa pamwamba pake sipatentha kwambiri, koma si mtundu umodzi. Izo ndi zimphona zokalamba zimene zatupa. Mutaika Antares pamalo a dzuwa, dziko lathu ndi Mars zingakhale m'kati mwake. Zili kutali zaka za kuwala mazanamazana koma zikuonekabe chifukwa cha kukulako. Timakamba pano ndi tating'ono. Ngakhale Proxima Centauri, imene ili pafupi kuposa nyenyezi zonse, zaka za kuwala 4.2 zokha, sioneka ndi maso. Robert Innes anaipeza mu 1915 ku Johannesburg, ndipo anaipeza pa zithunzi.

Chiphaliwali
Ndamva. Ndiye mtundu wokha sukuuza munthu kukula kwake.

Namzeze
Ine ndibwerere ku funso lachiwiri la a Nthanda, chifukwa palibe amene waliyankha. Ndaona kuti kukula kwa nyenyezi zimenezi kumangoposa Jupiter pang'ono, mwina kamodzi ndi theka. Chinthu chofanana msinkhu ndi pulaneti, chosaoneka ndi maso, bwanji osangochitcha pulaneti lalikulu lotentha? Ndikuona ngati dzina lakuti nyenyezi likuperekedwa mwachisawawa.

MayiFiziki
Silikuperekedwa mwachisawawa ayi, a Namzeze. Pali malire enieni. Nyenyezi ndi chinthu chimene pakati pake mpweya wa haidirojeni ukusanduka hiliyamu mosalekeza, n'kumatulutsa mphamvu. Kuti zimenezo ziyambe ndi kupitirira, chinthucho chiyenera kulemera pafupifupi ka 80 kuposa Jupiter. Ziwirizi chilichonse chimalemera koposa ka 100. Msinkhu usakupusitseni: zinthu za kulemera kumeneku mukamaziwonjezera katundu sizitupa kwenikweni, zimangothinana. Mkati mwake ndi mothinana kwambiri kuposa mkati mwa Jupiter.

Zimene zalephera kufika pa malirewo zilipo, ndipo zili ndi dzina lawolawo, brown dwarf. Chitsanzo chili pafupinso: Luhman 16, ziwiri zozungulirana, pa zaka za kuwala 6.5. Zili pafupi kuposa Luyten 726-8, koma zinapezeka mu 2013 momwemu, chifukwa kuzilala kwake n'koposa. Izo zimangozizira pang'onopang'ono kuyambira tsiku lobadwa. Zathuzi moto wake ukuyaka.

Namzeze
Chabwino, koma mukunena kulemera ngati wina anaziika pa sikelo. Anayeza ndani? Apa ndi pamene ine ndimakayikira nkhani za kuthambo. Manambala amatchulidwa molimba mtima koma palibe anapitako.

Mlonda_wa_Thambo
Funso limeneli ndi limene limandikondweretsa pa nyenyezi ziwirizi, ndiye ndiloleni ndichedwepo.

Nyenyezi ikakhala yokha, kulemera kwake timangokuyerekeza kuchokera ku mtundu ndi kuwala kwake. Koma zikakhala ziwiri zozungulirana, zimadziyeza zokha ife tikuonerera. Mphamvu yokoka ndi imene imaziyendetsa, ndipo mphamvuyo imadalira kulemera. Ukadziwa kutalikirana kwake ndi nthawi imene zimatenga kuti zizungulirane kamodzi, kulemera kwa zonse ziwiri kumatuluka ndi masamu a Kepler ndi Newton amene mwana wa sekondale angawerengere.

Tiyeni tiyese. Jupiter ili kutali ndi dzuwa kasanu ndi pang'ono kuposa mmene dziko lathu lilili, ndipo imazungulira dzuwa pa zaka pafupifupi 12. Nyenyezi ziwirizi, tikatenga pakatikati, zatalikirana mtunda wofanana ndi umenewo, kungoposa pang'ono. Koma zimatenga zaka 26 ndi miyezi ingapo kuti zimalize ulendo umodzi. Mtunda ndi womwewo, nthawi ndi yowirikiza kawiri. Lamulo limati nthawi ikawirikiza kawiri pa mtunda womwewo, kulemera kwachepa kanayi. Ndiye zonse ziwiri pamodzi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a dzuwa. Popeza zimazungulira malo amene ali pafupifupi pakati penipeni pa ziwirizo, tikudziwa kuti n'zofanana kulemera, chilichonse cha pa 0.12.

Kuyambira 1948 mpaka lero zazungulirana pafupifupi katatu anthu akujambula. Si zongoganiza. Ndipo phindu lake silithera pa izo zokha: manambala ochokera ku nyenyezi ziwiriziwiri ngati izi ndi amene amagwiritsidwa ntchito poyerekeza kulemera kwa nyenyezi zofiira zonse zimene zili zokha. N'chifukwa chake akatswiri amazilondola mosatopa ngakhale sizikongola pa chithunzi.

Namzeze
Izi ndazitsatira bwino. Koma zonse zaima pa kutalikirana kwake, ndipo kutalikiranako mungakudziwe pokhapokha mutadziwa mtunda wochokera kuno. Mtundawo anaupeza bwanji?

Mlonda_wa_Thambo
Tambasulani dzanja, imikani chala, tsinzinani diso limodzi kenako linalo. Chala chimaoneka ngati chasuntha poyerekeza ndi khoma. Dziko lathu limachita zomwezo: lero lili mbali ino ya dzuwa, pakatha miyezi 6 lili mbali inayo, makilomita 300 miliyoni kuchokera pamene linali. Nyenyezi yapafupi imaoneka yasuntha pang'ono poyerekeza ndi zakutali zimene zili kumbuyo kwake. Kusunthako kukakula ndiye kuti ili pafupi. Friedrich Bessel anayamba kuyeza motere mu 1838 pa nyenyezi ya 61 Cygni. Chombo cha m'mlengalenga cha Gaia, chimene chinaponyedwa mu 2013, chinayeza nyenyezi zoposa biliyoni imodzi mwa njira yomweyi. Ya Luyten 726-8 imatuluka zaka za kuwala pafupifupi 8.8.

Nthanda_Yakummawa
Zikomo nonse, mtima wayamba kukhala pansi. Koma ndifunse: poti zikukokana, tsiku lina sizidzagundana?

Kadzidzi77
Ayi. Njira yake si yozungulira bwinobwino, ndi yotambalala mbali imodzi. Zikayandikana kwambiri zimatalikirana kawiri mtunda wa dziko ndi dzuwa, zikatalikirana zimafika pafupifupi ka 9. Poyandikana zimathamanga, potalikirana zimayenda pang'onopang'ono. Kuthamangako ndi kumene kumazipulumutsa. Palibe chimene chikuzichepetsa liwiro, ndiye zipitirira choncho.

Gogo_Bwanoni
Ana inu mwatchula dzina la Luyten kangapo koma simunanene kuti anali ndani, ndipo munthu ameneyu sayenera kudutsidwa. Willem Luyten anali wa ku Netherlands, anabadwira ku Semarang pa chilumba cha Java mu 1899, ndipo ntchito yake yambiri anaigwirira pa yunivesite ya Minnesota. Anagwirapo ntchito ku Bloemfontein, ku South Africa, kumene yunivesite ya Harvard inali ndi telesikopu yojambulira thambo la kummwera. Ntchito yake inali yofuna kupirira. Amatenga chithunzi cha pa galasi chakale ndi chatsopano cha malo omwewo a thambo, n'kuziika m'makina amene amaonetsa ichi kenako icho mosinthanasinthana. Nyenyezi zakutali zimakhala phee. Imene yasuntha imadumphadumpha. Nyenyezi yosuntha msanga kawirikawiri imakhala yapafupi, ndiye anali kusaka anansi athu mwa njira imeneyo. Anapeza nyenyezi zosuntha masauzande ambirimbiri, ndipo anachita zimenezi ndi diso limodzi, chifukwa linalo linawonongeka pa ngozi akusewera tenesi ali mnyamata. Luyten 726-8 anaipeza mu 1948. Imasuntha ma arcsecond (timiyeso tating'ono kwambiri ta mtunda wooneka pa thambo) oposa 3 pa chaka, kutanthauza kuti pa zaka 500 ndi kanthu imadutsa malo ofanana ndi kukula kwa mwezi wathunthu. Kwa nyenyezi kumeneko n'kuthamanga. Anamwalira mu 1994.

Tsokonombwe
Agogo, nthawi imeneyo thambo linali lakuda bwino. Lero ine vuto langa ndi magetsi. Kumene ndimakhala anaika magetsi oyera m'misewu amene amawalitsa m'mwamba mofanana ndi pansi. Mlalang'amba sindiuonanso. Ana akukula osaudziwa, ndipo zimenezi zimandipweteka. Tikukamba za magnitude 13 pamene ine 4 yomwe ndikuvutika nayo.

Chiphaliwali
Koma magetsi a mumsewu amateteza anthu. Sitinganene kuti azimitse chifukwa ife tikufuna kuona nyenyezi.

Tsokonombwe
Sindikunena kuti azimitse. Ndikunena kuti aziwaika chophimba pamwamba kuti kuwala kuziloza pansi pamene anthu akuyenda. Kuwala kopita m'mwamba sikuteteza aliyense, ndi magetsi ongotayika.

Fulu_Wamaso
Onjezanipo masetilaiti. Ndikamajambula thambo madzulo, zithunzi zambiri zimatuluka ndi mizere yodutsa pakati. Pulogalamu yophatikiza zithunzi imachotsa mizereyo ukajambula zambiri, koma kwa amene amayeza kuwala kwa kanyenyezi kozilala, mzere umodzi ukadutsa pomwepo chithunzicho chatayika.

Woyang'anira_Gulu
Nkhani ya magetsi ndi yofunika, ndipo ili ndi ulusi wakewake. Tiyeni pano tibwerere ku nyenyezi za a Nthanda.

Chiphaliwali
Ndibweze ndine. Ndaona kuti imodzi mwa ziwirizi imatchedwanso UV Ceti, inayo BL Ceti, ndipo akuti mu 1952 UV Ceti inawala ka 75 kuposa nthawi zonse pa masekondi 20 okha. N'zoona zimenezi? Kanyenyezi kofooka chonchi kangachite bwanji zoterozo?

MayiFiziki
N'zoona, ndipo UV Ceti ndi imene inapereka dzina ku gulu lonse la nyenyezi zong'anima mwadzidzidzi. Inzakeyo imachitanso zomwezo.

Chifukwa chake chili mkati. Mu dzuwa, chigawo chakunja chokha ndi chimene chimatakasika, mpweya wotentha ukukwera, wozizira ukutsika. M'nyenyezi zopepuka ngati izi, kutakasikako kumachokera pakati penipeni mpaka pamwamba. Komanso zimazungulira mofulumira: chilichonse chimatembenuka kamodzi pa maola osakwana 6, pamene dzuwa limatenga masiku oposa 25. Mpweya wamagetsi wotakasika ndi kuzungulira mofulumira zikaphatikizana zimabala mphamvu ya maginito yaikulu. Mizere ya maginitoyo imapotana, imakungika, kenako imaduka n'kulumikizananso, ndipo mphamvu imene inasungidwa imatuluka nthawi imodzi. Kumeneko ndiko kung'anima, kumene akatswiri amati flare. Kumakwera pa masekondi kapena mphindi zochepa, n'kumazilala pang'onopang'ono.

Dzuwa limachitanso zimenezi. Mu 1859 Richard Carrington anaona kung'anima pa dzuwa, ndipo patangopita maola osakwana 20 mawaya a telegalafu anasokonezeka m'maiko ambiri. Koma dzuwa ndi lowala kale, ndiye kung'animako sikusintha kuwala kwake konse moonekera. Pa nyenyezi yozilala, malo ong'animawo amatentha kwambiri kuposa pamwamba pake ponse, amatulutsa kuwala kwa buluu ndi kwa ultraviolet (kuwala kwamphamvu kosaoneka ndi maso) kumene nyenyeziyo imatulutsa kochepa kwambiri nthawi zonse, ndiye amaiposa yonse.

Nthanda_Yakummawa
Ndiye tsiku limenelo la 1952 munthu akanaiona ndi maso?

Kadzidzi77
Ayi ndithu. Kuwala ka 75 kumaichotsa pa 13 kuifikitsa cha pa 8. Bainokyula yanu ikanaiona kwa kanthawi, maso okha ayi.

Kamnyamata_wa_Mars
Ine ndikuganiza za mapulaneti. Proxima ili ndi pulaneti lofanana kulemera ndi dziko lathu, linalengezedwa mu 2016. TRAPPIST-1 ndi nyenyezi yofiira yopepuka kuposa izi ndipo ili ndi mapulaneti 7. Ngati nyenyezi zofiira ndi zimene zachuluka, ndiye kuti malo ambiri okhalako zamoyo ali kumeneko. Ndimakhulupirira kuti zamoyo zoyamba kuzipeza kunja kwa dziko lino zidzapezeka pa nyenyezi ngati zimenezi.

Kadzidzi77
Ine sindikugwirizana nazo, mng'ono wanga. Taganizani. Nyenyezi yotulutsa gawo limodzi mwa 1,000 la mphamvu ya dzuwa, kuti pulaneti likhale lofunda moti madzi asaundane, liyenera kukhala pa makilomita ngati 5 miliyoni kuchokera pa nyenyeziyo. Mercury ili pa 58 miliyoni kuchokera pa dzuwa. Chaka cha pulaneti loterolo chingakhale ngati sabata imodzi. Pafupi choncho mphamvu yokoka imaligwira mpaka mbali imodzi imangoyang'ana nyenyezi, monga mwezi umachitira ndi ife. Mbali ina usana wosatha, mbali ina usiku wosatha. Ndiyeno onjezani kung'anima kumene amayi afotokoza, kukuwomba pafupi choncho, kobwerezabwereza kwa zaka mabiliyoni. Mpweya wokuta pulanetilo umakokoloka. Popanda mpweya palibe madzi oyenda. Kuchuluka kwa nyenyezizi sikuthandiza ngati malowo ndi owauka.

Kamnyamata_wa_Mars
Koma ultraviolet silowa patali m'madzi. Pulaneti la nyanja yakuya lingasunge zamoyo pansi. Ndipo ngati mpweya ndi wochindikala, mphepo imanyamula kutentha kupita ku mbali ya usiku. Akatswiri a zanyengo anawerengera zimenezi pa makompyuta ndipo anapeza kuti n'zotheka.

Kadzidzi77
Ngati mpweyawo ulipo. Telesikopu ya James Webb itayeza kutentha kwa pulaneti lamkati la TRAPPIST-1, zotsatira za mu 2023 zinaonetsa kuti likuoneka lopanda mpweya wochindikala.

Kamnyamata_wa_Mars
Limenelo ndi lamkati kwambiri, lotentha kale. Silingaweruze anzake akunja.

Mlonda_wa_Thambo
Nonse awiri muli ndi mbali ya choonadi, koma pali chinthu chimodzi chimene simunachiike pa mkangano wanu, ndicho nthawi. Kutakasika kuja kumene kumabala maginito kumachitanso ntchito ina. Dzuwa limangopsereza haidirojeni ya pakati pake, ndipo ikadzatha, patatha zaka ngati 10 biliyoni chibadwire, lidzatupa n'kufa, yambiri ya kunja isanakhudzidwe. Nyenyezi yopepuka imasakaniza mpweya wake wonse, ndiye pafupifupi wonse umafika pamoto, ndipo imaupsereza pang'onopang'ono. Zotsatira zake n'zakuti imakhala zaka mathiriliyoni. Chilengedwe chonse chili ndi zaka 13.8 biliyoni. Ndiye kuti palibe nyenyezi yofiira yaing'ono ngakhale imodzi imene inafapo ndi ukalamba chiyambire. Zonse zikadali kumayambiriro.

Komanso zikamakula zimachepetsa liwiro lozungulira ndipo kung'anima kumachepa. Nyenyezi ya Barnard, pa zaka za kuwala 6, ndi yakale, imatembenuka kamodzi pa masiku oposa 100, ndipo ndi yofatsa poyerekeza ndi UV Ceti, ngakhale nayo imang'anima mwa apo ndi apo. Ndiye funso lenileni ndi lakuti pulaneti lingapirire unyamata wa nyenyezi yake n'kutsala ndi mpweya, kapena kupeza wina kuchokera m'mapiri ophulika. Ine ndimapendekera kwa a Kadzidzi pa nyenyezi ziwirizi monga zilili lero. Pa nyenyezi zofiira zonse pamodzi sindingatseke khomo.

Namzeze
Mukukangana za pulaneti limene palibe. Kodi pa Luyten 726-8 penipenipo papezeka pulaneti?

Fulu_Wamaso
Pali nkhani ya mu 2024. Gulu logwiritsa ntchito chipangizo cha GRAVITY, chimene chimaphatikiza kuwala kwa matelesikopu anayi a ku Paranal m'dziko la Chile, linayeza kutalikirana kwa nyenyezi ziwirizi mosamalitsa kwa zaka zingapo. Linapeza kuti pa njira yawo pali kugwedezeka kwakung'ono kobwereza masiku 156 aliwonse. Linati chikhoza kukhala pulaneti lolemera pafupifupi ka 36 kuposa dziko lathu, lozungulira imodzi mwa ziwirizo. Eni akewo analilengeza ngati loyembekezera kutsimikiziridwa.

Namzeze
Ndiye sanalione.

Fulu_Wamaso
Sanalione, anaona kukoka kwake. Neptune inapezekanso choncho mu 1846: anayamba aona Uranus ikupatuka pa njira yake, anawerengera, kenako analoza telesikopu. Koma kusamala kwanu n'koyenera. Peter van de Kamp ananena kwa zaka zambiri kuti waona kugwedezeka kwa nyenyezi ya Barnard kosonyeza kuti ili ndi mapulaneti, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti gwero lake linali kusintha kwa telesikopu yake. N'chifukwa chake amafuna gulu lina liyeze mwa njira ina.

Kamnyamata_wa_Mars
Chimene chandigwira mtima n'chakuti pulaneti lingakhazikike pamenepo nyenyezi inayo ikumayandikira mpaka kawiri kokha mtunda wa dziko ndi dzuwa.

Mlonda_wa_Thambo
Lingakhazikike ngati lili pafupi mokwanira ndi mwini wake. La masiku 156 pa nyenyezi yopepuka chonchi lingakhale pa mtunda wochepera wa Mercury ndi dzuwa. Komabe pamenepo ndi pozizira kwambiri, ndipo la kulemera kotero ndi la mpweya, lopanda nthaka yopondapo.

Tsokonombwe
Nanga munthu atati apite, zingatenge nthawi yaitali bwanji?

Kadzidzi77
Chaka chimodzi cha kuwala ndi makilomita 9.46 thiriliyoni. Chombo cha Voyager 1, chimene chinanyamuka mu 1977, chimayenda makilomita 17 pa sekondi. Pa liwiro limenelo ndi zaka zoposa 150,000.

Nthanda_Yakummawa
Ndimayesa kuganiza mmene kumwamba kungaonekere uli pafupi nazo. Zonse zingakhale zofiira ngati magazi?

MayiFiziki
Osati choncho. Kumbukirani babu lakale lija la kawaya mkati. Kawayako kamatentha pafupifupi mofanana ndi pamwamba pa nyenyezi zimenezi, ndipo kuwala kwake si kofiira, n'kwachikasu chopita ku olenji. Munthu ataima pa pulaneti lofunda kumeneko angaone dzuwa lalikulu kangapo kuposa lathu, chifukwa lili pafupi, la mtundu wa olenji, losasuntha pamalo pake. Nyenyezi inayo ingaoneke ngati kadontho kowala kwambiri, kokwanira kuchititsa zithunzithunzi usiku, kowala mowonjezereka ndi kuzilala pa zaka 26 zilizonse pamene ikuyandikira ndi kutalikira.

Nthanda_Yakummawa
Tsopano ndikufunitsitsa kuziona ndi diso langa. Amene munazionapo, ndiuzeni chofunika.

Fulu_Wamaso
Ine ndinaziona ndi telesikopu ya galasi la masentimita 20, kutali ndi magetsi, usiku wopanda mwezi. Yambani ndi Tau Ceti, imene imaoneka ndi maso, nayonso ndi yapafupi, zaka za kuwala pafupifupi 12. Zanuzo zili madigiri awiri ndi pang'ono kummwera kwake, kupendekera kumadzulo. Nthawi yabwino ndi madzulo a October mpaka December, pamene Cetus yakwera. Mukhale ndi mapu ofika magnitude 14, ndipo muonetsetse kuti ndi atsopano, chifukwa pa zaka 20 nyenyeziyi imasuntha moti mapu akale amakulozerani pambali. Pulogalamu ya Stellarium ingathandize mukaikamo mindandanda yowonjezera ya nyenyezi zozilala. Mudzaona kadontho kamodzi kotuwa. Mtundu wake diso siliuzindikira pa kuzilala kumeneko, ndipo kuzilekanitsa kuti muone ziwiri kumafuna telesikopu yaikulu ndi mpweya wodekha, poti kutalikirana kwake pa thambo ndi ma arcsecond awiri kapena kucheperapo nthawi zambiri.

Gogo_Bwanoni
Ndipo mukaipeza musafulumire kuchoka. Sankhani nyenyezi ziwiri zoyandikana nayo, ina yowala pang'ono kuiposa, ina yozilala, muziiyerekeza nazo. Khalani pamenepo ola lathunthu kapena awiri. Kung'anima kwakung'ono kumachitika kawirikawiri pa UV Ceti, ndipo anthu a telesikopu zapakhomo amakugwira. Mukakuona lembani nthawi yeniyeni. Bungwe la AAVSO limalandira zimene anthu wamba ayeza pa nyenyezi zosinthasintha kuwala, ndipo lakhala likutero kuyambira 1911.

Nthanda_Yakummawa
Telesikopu ndilibe, koma mnzanga wina ali ndi ya masentimita 15. Imeneyo ingakwanitse?

Fulu_Wamaso
Ili pa malire, koma pamdima wabwino ingathe. Dikirani Cetus ifike pamwamba penipeni, maso azolowere mdima kwa mphindi 30 osayang'ana foni, ndipo muwonjezere mphamvu yokulitsa kuti thambo lakumbuyo lide. Muziyang'ana pambali pang'ono, osati pa kadonthoko mwachindunji. Ngati mnzanuyo ali ndi kamera yolumikiza ku telesikopu, kujambula kwa masekondi ochepa kudzaitulutsa mosavuta kuposa diso.